Chigumu cha Moto Pamwamba

Matiresi anga anauma patatha masiku anayi, koma mbiri yanga pa yadi yathu ku Dunoon, mumzinda wa Cape Town, ikadali yonyowa mpaka pano. Ndineneretu kuti palibe anavulala, palibe nyumba inapsa, ndipo ine sindinalawe kanthu kalikonse koledzeretsa tsiku limenelo. Ndinkangofuna kuphika chigumu basi.

Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndimagwira ntchito ya ulonda pa nyumba ina yosungiramo katundu ku Montague Gardens. Ndimachita lendi kachipinda kamalata kuseri kwa nyumba ya Mama Nokhaya, mayi wa Chixhosa amene ali ndi tizipinda tisanu pa yadi yake. M'chipinda choyandikana ndi changa mumakhala Che Yusufu ndi akazi awo, Abiti Saidi, a ku Mangochi. Chotilekanitsa ndi lata limodzi lokha, moti Che Yusufu akatsokomola amene amadzidzimuka ndine.

Matenda anga ndi kufunsa. Chinthu ndikachiona sindipeza mtendere mpaka nditadziwa kuti chimayenda bwanji. Ndinafunsapo dalaivala wa tekisi chifukwa chimene amalizira hutala ngakhale galimoto itadzaza kale, ndipo ananditsitsa ndisanafike kumene ndinkapita. (Yankho sanandipatse, ndipo nkhaniyo imandivutitsabe.)

Mwezi wa Ramadani utayamba, madzulo ena dzuwa lili pafupi kulowa, Abiti Saidi anagogoda pakhomo panga atanyamula mbale yophimba ndi kansalu. Ndinawakumbutsa mwaulemu kuti ine ndine wa ku tchalitchi, sindisala kudya. Iwo anaseka n'kunena kuti sanabwere kudzandifunsa za tchalitchi, abwera kudzandipatsa mbale. M'menemo munali masamusa awiri, mandasi ndi chidutswa cha chigumu.

Masamusa ndinadya ngati munthu wanjala, koma chigumu chija chinandikhazika pansi. Malemu mayi anga anagulitsa chigumu pa geti ya sukulu kwa zaka zambiri, ndipo ndi chigumu chimenecho chimene chinatiphunzitsa ife ana awo. Ndinadya zidutswa zosawerengeka, zopserera m'mbali zonse zinali zanga, koma sindinaimepo n'komwe kuti ndione mmene amaphikira. Ine wofunsa chilichonse, funso limenelo sindinawafunse. Madzulo amenewo zinandiwawa kwambiri.

Tsopano mukudziwa inu nomwe kuti mbale ya mnzako sibwerera yopanda kanthu. Tsiku loyamba ndinati ndiganize kaye chobweza. Ndili mkati moganiza, inabwera mbale yachiwiri. Sabata isanathe, pamwamba pa sutukesi yanga panali patasanjikizana mbale zitatu zamaluwa. Tsiku lina ndinamva kudzera pa lata lija Abiti Saidi akufunsa amuna awo kuti kodi mbale zawo zikutha bwanji m'nyumba muno, Che Yusufu n'kuwanong'oneza kuti atsitse mawu.

Ndinayesa njira yachidule. Ndinagula mabisiketi pa sipaza, kagolosale ka pakona pathu, n'kuwayala bwinobwino pa mbale imodzi. Nditawayang'ana ndinachita manyazi. Mayi amene wakhala ndi njala tsiku lonse, n'kuimirira pa sitovu kukazinga zinthu zimene sangathe ngakhale kulawa mchere wake, ine ndikamubwezere mabisiketi a m'pepala? Ndinadya ndekha mabisiketiwo, ndipo ndikutafuna ndinatsimikiza mtima kuti mbale zimenezi zibwerera ndi chigumu chophika ndi manja anga.

Woyamba kumufunsa kaphikidwe anali Abiti Saidi eni akewo, koma sindinawauze cholinga changa. Ndinapita ndi kabuku ndi cholembera, poti ife alonda tinazolowera kulemba chilichonse ndi nthawi yake yomwe. Ndinawapeza akusenda anyezi pakhomo.

"Ufa mumathira wochuluka bwanji?"

"Wokwanira."

"Wokwanira ndani?"

"Anthu amene adyewo, achimwene."

Nthochi anati zimene zapsa. Soda anangondionetsa zala zitatu zitagundana nsonga. Mkaka anati ndizithira pang'onopang'ono mpaka dzanja lindiuze kuti basi. Ndinafunsa kuti dzanja limanena bwanji, iwo n'kuti ndikamva ndekha. Ndinabwerera m'chipinda ndi tsamba lodzaza mawu koma lopanda nambala ngakhale imodzi.

Ndinatumiza uthenga wa mawu pa foni kwa achemwali anga ku Ntcheu. Yankho lawo linali la mphindi zinayi, ndipo mphindi yoyamba yonse kunali kuseka kokhakokha. Atatha kuseka anati ufa ukhale wa mgaiwa, osati woyera mbuu wa m'masitolo a kuno. Nthochi zikhale zoda makoko, zimene munthu wabwinobwino angataye. Mkaka ukhale wa chambiko. Ndipo mazira ayi, mayi sankaika mazira. Mgaiwa ndinakaupeza kwa mayi wina wa ku Kasungu amene amagulitsa nyemba, usipa ndi ufa zobwera pa basi kuchokera kumudzi. Iyeyo atamva nkhani yanga anati chigumu chopanda mazira anayi ndi njerwa, ndipo anandiuza kuti ndiwazemo sinamoni, monga anaonera kunyumba imene ankagwirako ntchito ku Milnerton.

Apa ndinadabwa ndithu. Amayi atatu, onse a dziko limodzi, onse otsimikiza ndi mtima wonse, koma chigumu chawo chosiyana. Ndinakhala pa bedi n'kufananitsa masamba atatuwo ngati wapolisi wofufuza mlandu. Posafuna kukhumudwitsa aliyense, ndinaganiza zongophatikiza zonse. Mazira ndinaika awiri, kuti achemwali ndi mayi wa ku Kasungu akumane pakati.

Nthochi nazo zinandipatsa ntchito. Za kuno zimaoneka zachikasu, zokongola, koma ukazitsina zimakubwezera chala. Ndinazikulunga m'nyuzipepala n'kuziika pansi pa bedi, ndipo m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndinkagwada kuzizonda. Zinada patsiku lachisanu, tizilombo touluka titayamba kale kuchita misonkhano m'chipindamo.

Kuyesa koyamba ndinachitira pa kasitovu kanga ka magetsi. Ndinapaka poto mafuta, kuthiramo zosakanizazo, kuvindikira, n'kukhala pambali ndi wotchi. Chimene chinatuluka chinali cha magawo atatu. Pansi panali khala lenileni, pamwamba panali phala, ndipo pakati penipeni panali kamzere kopyapyala ngati chala kamene ukakalawa utatsinzina ukhoza kuti ndi chigumu. Sindinakhumudwe kwenikweni, ndinachita chidwi. Ndinachidula ndi mpeni, kuchiyang'ana mbali zonse, kuchijambula n'kutumiza chithunzi kwa achemwali.

Yankho linabwera lalifupi: "Nanga moto wapamwamba uli kuti?"

Anandifotokozera kuti mayi ankasiya makala ochepa pansi pa poto, ambiri n'kuwaika pa chivindikiro, kuti chigumu chipse kuchokera mbali zonse ziwiri. Atangotero ndinakumbukira. Ndinaona chivindikiro chakuda chija chodzaza phulusa, mayi atawerama akuuzira makala, nsalu atamanga m'chiuno. Ndinasangalala ngati ndine woyamba padziko lapansi kutulukira zimenezi.

Panali vuto limodzi. Mama Nokhaya ali ndi lamulo limene amauza aliyense asanamupatse kiyi: pa yadi yawo sipayaka moto wamtundu uliwonse, kaya mbaula, kaya kandulo. Aliyense wokhala ku Dunoon amadziwa chifukwa chake. Nyumba zathu ndi zogundana, matabwa ndi malata, ndipo moto ukabuka pa imodzi sufunsa kuti inayo ndi ya yani. Lamulolo ndinkalidziwa bwino. Koma ndinakhala pansi n'kudziuza kuti makala si moto kwenikweni, poti alibe malawi, amangofiira chabe. (Munthu akafuna chinthu amasanduka loya wodziwa ntchito.)

Loweruka ndinali pa ofu. Ndinagula kathumba ka makala ootchera nyama, n'kupanga mbaula poboola chitini chakale cha penti ndi msomali. Cha m'ma fili koloko masana ndinakabisala kuseri kwa chimbudzi kuti ndikoleze. Koma mphepo ya ku Cape Town inu simuidziwa mukapanda kukhala kuno. Imabwera cham'mbali, imakuvula chipewa, imakuthira mchenga m'mano. Nditangoyatsa, tizidutswa ta katoni toyaka tinauluka kulunjika pa chingwe pamene panali zovala za anthu. Ndinathamangira kupondaponda, ndipo pamenepo munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinanyamula mbaula n'kulowa nayo m'chipinda.

Makala a kuno nawo ndi achilendo, obulungira ngati mazira, ndipo sagwira moto msanga ngati a kwathu. Ndinawonjezera makatoni. Ndinawonjezera thileyi ya mazira. Atayamba kufiira pang'ono, ndinakhazika poto, n'kutapa makala ena pamodzi ndi makatoni ofuka n'kuwaunjika pa chivindikiro. Chitseko ndinatseka kuti Mama asaone. Patangopita mphindi zochepa maso anayamba kuwawa, mutu n'kuyamba kulemera, ndiye ndinati ndisataye nthawi, ndikatsuke mbale zitatu zija kuti chigumu chikapsa chipeze pokhala. Pa mpopi wa pa yadi panali amayi akuchapa, choncho ndinakhoma chitseko ndi loko n'kupita pa mpopi wa mumsewu wakuseri.

Ndinatsuka mbalezo mwachifatse, ndikuwerenga mphindi mumtima, ndikuganiza mmene Abiti Saidi adabwire. Kenako ndinamva malikhweru, agalu akuuwa, ndi mawu a mzimayi akukuwa kuti "Umlilo!" Mawu amenewa ndi a Chixhosa, amatanthauza moto, ndipo mlendo aliyense kuno amawaphunzira asanaphunzire moni.

Posakhalitsa pa mpopipo panadzaza anthu ndi ndowa, mabeseni, zigubu, ngakhale mapoto. Ine ndinaika mbale pambali nthawi yomweyo. Kuntchito anatiphunzitsa zoyenera kuchita moto ukabuka, choncho ndinatenga udindo. Ndinaimika anthu pamzere, ndinkatsegula ndi kutseka mpopi, ndinkakuwa kuti ndowa zazikulu zitsogole. Anthu ankandimvera, ndipo ndivomere kuti ndinkamva kukoma.

Ndinafunsa bambo wina kuti kukupsa kwa yani. Anati kwa m'Malawi wina, wachoka wasiya moto m'nyumba. Mtima unandipweteka chifukwa cha m'bale wanga wosadziwikayo, komanso ndinakwiya naye. Ndinanena mokweza, anthu akumva, kuti anthu ena ndi osasamala, akutichititsa manyazi tonse ochokera kumudzi. Kenako ndinanyamula ndowa yodzaza n'kuthamanga pambuyo pa enawo, ndikufunitsitsa kukaona kuti munthu wopusa chonchiyu ndi ndani.

Tinakhota pakona ya sipaza. Ndinati mumtima, kodi ndi pafupi ndi kwathu. Tinalowa pa geti ya Mama Nokhaya. Ndinati kodi ndi pa yadi yathu, ndipo ndinayamba kuwerenga m'mutu anzanga a ku Malawi okhala pamenepo. Tinalipo mabanja awiri okha, ndipo Che Yusufu ndinawaona ndi maso angawa ataima wamoyo, akulandira ndowa n'kumakhuthulira m'chipinda chimene chitseko chake chinali chitagona pansi, loko akadali pomwepo. Utsi unkatuluka pakhomo, m'mipata ya malata ndi pansi pa denga.

Mzere unandikankha mpaka ndinafika kutsogolo. Ndinaona bedi langa likudontha, yunifomu yanga ya kuntchito ikuyandama, sutukesi itasanduka bwato. Ndinaima ndi ndowa m'manja. Mpaka lero sindidziwa chimene chinandigwira, koma nanenso ndinakhuthula madzi angawo pa bedi langa lomwe.

Utsi utachepa, Che Yusufu analowa n'kutuluka atanyamula poto ndi chiguduli. Anamuika pansi pakati pa yadi, anthu osachepera makumi atatu atazungulira, n'kukankha makala onyowa pa chivindikiro ndi phazi. Atavundukula, fungo la nthochi ndi utsi linakwera. Bambo uja wa pa mpopi anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti akukumbukira mawu anga onse.

Mama Nokhaya sanakuwe, ndipo zikanakhala bwino akanakuwa. Analankhula motsitsa mawu. Anandiuza kuti zaka zapitazo, asanapeze nyumba imeneyi, anathawa moto atanyamula mwana ndi chiphaso chokha, china chilichonse chinatsala phulusa, ndipo moto umenewo unayambira pa kasitovu ka munthu mmodzi amene anangotuluka pang'ono. Anati mwezi ukatha ndifune kwina. Pamenepo nkhani ya kuseka inathera. Ndinayang'ana amayi amene anali atatulutsa kale ana ndi mabulangete mumsewu, ndipo ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. Ndinapepesa m'zilankhulo zonse zimene ndimadziwa.

Ndi Abiti Saidi amene anandifunsa funso limene wina aliyense sanaliganize.

"Achimwene, inu simuphika. Chigumu chimenechi mumaphikira yani?"

Ndisanayankhe, mayi wina anafika kuchokera ku mpopi atanyamula mbale zitatu zamaluwa, zotsukidwa bwino, akufunsa mwini wake. Abiti Saidi anayang'ana mbalezo, anayang'ana poto, anayang'ana ine, n'kuphimba pakamwa ndi mpango wawo. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinaulula zonse, kuyambira mabisiketi mpaka nthochi za pansi pa bedi, iwo n'kumamasulira Mama m'Chixhosa chawo chothyokathyoka.

Mama anamvetsera nkhope ili gwa. Atafika pa nkhani ya makala pa chivindikiro, anafunsa Abiti Saidi kuti bwanji sanandionetse njira ya poto wamkulu. Ndinafunsa kuti poto wamkulu uti. Apa ndi pamene ndinamva kuti chigumu chimene chinandikumbutsa mayi anga chija sichinaonepo khala ngakhale limodzi. Abiti Saidi amathira zosakaniza m'kambale kachitsulo, kambaleko n'kukaika m'poto wamkulu wokhala ndi madzi pansi, kuvindikira zolimba, n'kusiya nthunzi igwire ntchito pa sitovu ya magetsi yonga yanga yomwe. Anawaphunzitsa ndi Mama Nokhaya omwewo, amene amaphika buledi wa kwawo mwa njira imeneyo. Zonsezi zinkachitika kuseri kwa lata limodzi kuchokera pamene ndimagona.

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Munafunsa za ufa, za soda, za mkaka, mpaka za dzanja. Za moto simunafunse."

Dzuwa linali likulowa. Che Yusufu, amene anasenza madzi onse aja ali ndi njala ya tsiku lonse, anayang'ana nthawi pa foni n'kuitanitsa mpeni. Anagwada pa poto paja, anachotsa pamwamba ponyowa, anachotsa m'mbali mwakuda, n'kudula kachidutswa ka pakati kamene madzi sanafikepo. Anakaika pa mbale imodzi yamaluwa n'kundipatsa kuti ndipereke kwa akazi awo. Ndinapereka ndi manja awiri, nsapato zikulira madzi. Abiti Saidi analandira ndi manja awiri n'kuthokoza ngati alandira mphatso ya pa ukwati.

Nthawi yomasula itakwana, Che Yusufu anamwa madzi, anadya chipatso chimodzi cha tende, kenako ananyema chigumu changa n'kuika m'kamwa. Anatafuna nthawi yaitali. Ndinayesetsa kudzigwira, koma matenda anga aja anandiposa mphamvu, ndinafunsa kuti chili bwanji.

"Achimwene, ine sindinadye kuyambira m'bandakucha, panopa ngakhale katoni ndikhoza kuyamikira. Musandifunse ine." Anameza movutikira n'kuwonjezera kuti, "Koma mbale yabwera ndi kanthu."

Mama sanandithamangitse. Anati ndikonze chitseko, nditaye chitini cha penti iwo akuona, ndiponso ndipite khomo ndi khomo kukapepesa onse amene anasenza madzi. Ndinachita zonsezo, kuphatikizapo kwa bambo uja wa pa mpopi, amene anandipempha kuti ndibwereze mawu anga aja onena za anthu osasamala kuti akazi ake amve nawo.

Mawa lake madzulo kunabwera mbale ziwiri, ina ya Abiti Saidi, ina ya Mama yokhala ndi buledi wawo wa nthunzi. Mama anaima pakhomo, ananditchula kuti bhuti, ndiye kuti achimwene m'Chixhosa, n'kulankhula pang'onopang'ono kuti ndisaphonye liwu ngakhale limodzi.

"Bhuti, tagwirizana pa yadi pano. Iwe mbale uzibweza yopanda kanthu. Uzingotsuka."

Choncho ndine munthu yekhayo amene ndikumudziwa wokhala ndi chilolezo chobweza mbale yopanda kanthu. Anzanga akuntchito amati ndili ndi mwayi. Ine zimandiwawa kuposa kuthamangitsidwa, chifukwa nthawi iliyonse ndikagogoda ndi mbale yoyera ndimaona kuti pa yadi pano andiika m'gulu la ana ndi odwala. Ndimatsuka, ndimabweza, ndimathokoza.

Koma dzulo pochokera kuntchito ndinagula poto wamkulu, wa chivindikiro cholemera, pamodzi ndi kambale kachitsulo. Ndinakumana ndi Mama pa geti nditamupanira m'khwapa. Anayang'ana potoyo, anandiyang'ana ine. Patapita kanthawi ndinamva mapazi panja, ndipo nditasuzumira ndinapeza ndowa ziwiri zodzaza madzi zitaikidwa bwinobwino pakhomo panga.